Dzimbiri pa Mkono wa Malaya

Pakati pa nyumba za kumtunda ndi msika panadutsa ngalande yakuya ya konkire, ndipo pamwamba pake panali kamlatho ka oyenda pansi. Kanali kopapatiza moti anthu awiri akakumana pakati, mmodzi ankapendekeka kuti mnzake adutse. Mbali zonse ziwiri kanali ndi zitsulo zogwirira, mapaipi okhuthala owotcherera pa nsanamira khumi ndi zinayi mbali iliyonse. M'dera lonselo panalibe amene anaziwerengapo nsanamirazo kupatula a Telala.

A Telala anasoka zovala zaka makumi anayi mpaka maso anawakana. Anayamba ndi kuphonya bowo la singano, pomaliza n'kumaphonya chitseko. Tsopano ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima, ndipo ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, yemwe anthu ankamutcha Mayi Sopo chifukwa ankachapira anthu zovala ndipo manja ake ankanunkhira sopo ngakhale atasenda anyezi. Mwamuna wake ankayendetsa lole, ankaoneka pakhomo kawiri pamwezi. Nyumba, tiasungwana tiwiri ndi mdalayo, zonse zinali pamutu pake.

M'mawa uliwonse a Telala ankavala malaya oyera a mikono yaitali, n'kumanga mabatani mpaka pakhosi, n'kutsika okha. Ndodo ankaikana, ati ndodo ndi ya nkhalamba. Ankatsata mipanda ya anthu ndi nsonga za zala mpaka pamlatho, n'kuika dzanja lamanja pachitsulo, n'kumawerenga. Popita ankagwira mbali ina, pobwera mbali inayo, koma dzanja linali lomwelo. Tsidya linalo, pakhonde la sitolo ya misomali, pankakhala mnzawo wa kalekale, a Chidendene osoka nsapato. Pamenepo a Telala anali ndi kampando kawo ndi ntchito yawo: kukoka ulusi pa phula kuti ulimbe. Ankakhala mpaka dzuwa litafika paliwombo, akukangana za mpira umene mmodzi sanauone ndipo winayo sanaumvetse.

Loweruka lililonse Mayi Sopo ankapeza dzimbiri pa mkono wakumanja wa malaya a bambo ake. Ankafinyirapo mandimu, kuwazapo mchere, n'kuyanika padzuwa. Sankadandaula. Dzimbirilo linali ngati kalata yomuuza kuti mdala akuyenda.

Kenako akuba zitsulo anayamba. Poyamba anazula mitu ya mipopi ya anthu onse. Anatenga chivundikiro cha dzenje la pamphambano, anthu n'kuikapo tayala lakutha. Tsiku lina kunacha chitsulo cha pamlatho chitadulidwa mbali imodzi, mwaukhondo, ngati amene amadula anali pa ntchito yolembedwa.

Mayi Sopo anamva nkhaniyo ali pamzere wa madzi. Atafika kunyumba sanatule n'komwe ndowa.

"Bambo, pamlatho paja musapitenso."

"Adula mlatho kapena adula chitsulo?"

"Adula pogwira."

"Kuyambira pa nsanamira ya seveni mpaka pa naini," anatero a Telala. "Ndapapeza m'mawa uno iwe usanamve. Mapazi anayi basi. Ndinangotambasula dzanja ngati wopemphetsa, n'kuchipezanso."

Mayi Sopo anatula ndowa, madzi n'kukhavukira pansi. "Lero adula apo, mawa adula pena. Mudzadziwa bwanji?"

"Dzanja lidzandiuza."

"Lidzakuuzani muli kale pansi pa ngalande. Bambo, ine ndili ndi manja awiri okha. Mukathyoka ndidzakunyamulani ndi chiyani? Ndikakhala ndi mpata ndizikuperekezani kuzungulira kumsewu waukulu. Koma pamlatho ayi. Lonjezani."

A Telala anasisita bondo. Njira ya kumsewu waukulu inali ya ola lathunthu kwa munthu woyenda ngati iwo, ndipo onse awiri ankadziwa kuti mpata wa Mayi Sopo unali ngati mvula ya m'chilimwe.

"Ndamva, amayi anga," anatero potsiriza. Ankamutcha choncho akawalamula. "Ndinabereka mwana kapena wapolisi?"

"Lonjezani."

"Ndalonjeza."

Anawaperekezadi kawiri. Pambuyo pake ntchito inamuchulukira: nyumba zitatu za mabwana, kumtunda kwenikweni, kumene ankapita ana akangonyamuka ndi kubwerako dzuwa litapendeka. Akafika ankawapeza a Telala pampando wawo pafupi ndi chitseko, wailesi ili pamiyendo. Manja awo anali oyera. Akatchula za mlatho, mdalayo ankangokhala duu, tiyi wake n'kuzizira m'kapu, choncho anasiya kuutchula.

Malaya a bambo ake ankawachapa pomalizira, m'madzi otsala, msana utawawa kale ndi mabulangete a eni. Loweruka loyamba anapeza dzimbiri pa mkono uja, n'kuti ndi lakale. Lachiwiri analipezanso. Anati mandimu a masiku ano ndi madzi okhaokha, n'kufinyirapo awiri. Iye amene akangoyang'ana banga pa nsalu ya bwana ankadziwa ngati ndi la dzulo kapena la mwezi watha, la m'nyumba mwake sanaliwerenge.

Akuba anadulanso malo ena awiri. Komiti ya m'dera inaitanitsa msonkhano Loweruka masana m'kalasi ya sukulu ya ana. Akuluakulu anakhala pa timabenchi, mawondo ali kukhosi. A Tcheya anawerenga makalata atatu amene analembera ku ofesi yoona za misewu, ndi yankho limodzi lonena kuti makalatawo afika.

"Tiike alonda," anatero wina.

"Tinaika," anayankha mayi wogulitsa tomato wa pafupi ndi mlatho. "Amuna anu aja analonda masiku atatu, lachinayi anati udzudzu."

Anthu anaseka. Ena anati azipake utoto wofiira kuti ogula zitsulo zakutha azichita manyazi. Wina anafunsa ngati anaonapo sikelo yochita manyazi. Pamenepo anaimirira a Kamoto owotcherera, munthu wa mawu ochepa ndi malaya obooka ndi moto.

"Paipi ndi yokoma kwa wakuba chifukwa m'kati mwake mulibe kanthu. Tithiremo konkire. Sowo ikalumapo mano aguluka, ndipo wogula sangalandire mwala. Nsanamira tizikwirire m'simenti. Koma simenti sitinasonkhe, ndipo makina anga aakulu ali kuntchito ina. Masabata atatu."

"Masabata atatu tidzathira konkire m'mphepo," anatero a Tcheya. "Akuba adzakhala atamaliza."

Mayi Sopo sankakonda kuyankhula pagulu, koma nkhani yozungulira inkamutopetsa kuposa mabulangete. Anaimirira.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikayanika zovala za eni n'kuona kuti ndichokapo, sindizisiya pachingwe. Ndimanula, n'kulowetsa m'nyumba. Zitsulo zotsalazo tizichotse tokha, tikazikhomere m'chipinda chosungira katundu cha sukulu ino. Simenti ikapezeka tidzazibwezera. Wakuba akabwera apeze chingwe chopanda kanthu."

Anthu anaomba m'manja. A Tcheya anati nzeru zina sizili m'mabuku. Anagwirizana kuti aliyense auze ana ake azungulire kumsewu waukulu, ndipo mlonda wa pa fakitale analonjeza kubweretsa chingwe chokhuthala Lolemba akaweruka, choti amange m'mbali pongoyembekezera.

"Nanga mdala wanu?" anafunsa mayi wa tomato.

"Bambo anasiya kuwoloka," anatero Mayi Sopo. "Analonjeza."

Mayi wa tomato anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Iye ankafika pa benchi yake mochedwa, akachoka kopikula, ndipo masana ankakhala atapatsa mlatho msana. Zimene ankaganiza kuti anaonapo analibe nazo chitsimikizo, ndipo mwini bambo anali atayankha.

Lamulungu masana anagwira ntchitoyo. Msika unali wotseka, a Chidendene ali kwawo kutali. A Kamoto anadula ndi kamakina kawo kakang'ono, amuna ananyamula, amayi anasesa. Mayi Sopo anasenza mapaipi awiri paphewa mpaka kusukulu, ndipo loko anakhoma ndi dzanja lake. Atatero anayenda khomo ndi khomo m'mizere itatu ya nyumba. Anauza mayi woyembekezera wa pakona, anauza a m'nyumba ya ana asanu, anauza ngakhale chidakwa cha kuseri kwa mpopi, kawiri, kuti chimvetse. Tiasungwana take anatiuza akutisambitsa panja. Anagogoda pa zitseko zonse kupatula chake.

Asanalowe anasamba m'manja kuchotsa dzimbiri.

"Unali kuti tsiku lonse?" anafunsa a Telala.

"Za komiti."

"Nduna yathu," anatero akumwetulira. "Tsiku lina tidzakumva pa wailesi."

Mawu anafika pamlomo pa Mayi Sopo. Anawayang'ana akudula buledi ndi zala, mosamala ngati akupinda nsalu, ndipo anaganiza kuti akangonena kuti mlatho wawo wavulidwa, buledi uja asiyidwa pambale. Anati adzawauza zonse zikabwezeredwa, ikhale nkhani yabwino.

Lolemba m'mawa foni inalira manja ake ali m'beseni la bwana. Anaipanira ndi phewa. Anali mayi wa tomato, ndipo mawu ake anali ngati a munthu amene wathamanga.

Zimene zinachitika anazimva pambuyo pake, zidutswazidutswa. Tsiku limenelo mayi wa tomato anafulumira, ndipo ali chapatali ndi dengu pamutu anawaona a Telala akufika pamlatho, malaya oyera, mabatani mpaka pakhosi. Anatambasula dzanja pa nsanamira yoyamba. Sanaipeze. Anaima pang'ono, ngati munthu amene akuti, adulanso apa. Kenako anaponda phazi limodzi, lachiwiri, dzanja lili m'malere, thupi likupendekera kumanja kufunafuna yachiwiri. Mayiyo anaponya dengu n'kukuwa, koma phazi lachitatu linali litaponda kale pamene panalibe mlatho. Inali nyengo yopanda mvula. Pansi panali konkire youma.

Kuchipatala anati fupa la m'chiuno lathyoka moipa, ndipo pa msinkhu wawo asayembekezere zambiri. Namwino anamupatsa zovala za bambo ake m'jumbo. Mayi Sopo anakhala pabenchi ya m'khonde, pansi pa zenera losatseguka, jumbo ili pamiyendo. Madzulo ake anafika a Chidendene, chipewa chili m'manja, zala zakuda ndi polishi.

"Munkadziwa," anatero Mayi Sopo asanawapatse n'komwe moni.

"Mwana wanga, ankabwera tsiku lililonse la ntchito. Sanajombe ngakhale limodzi."

"Osandiuza?"

"Anandiletsa. Ndipo ine ndi ndani kuti ndimuneneze mnzanga kwa mwana wake ngati wathawa kusukulu?" A Chidendene anakhala pansi pang'onopang'ono. "Malo onse odulidwa ankawadziwa. Akafika ankandiuza, lero adula pa thwelofu. Akamabwerera ndinkamuyang'ana mpaka atawoloka, akafika pampopi wa kwanu ankasamba m'manja. Kasopo ankayenda nako m'thumba. Amati mwana wanga ali ndi maso a wochapa, saphonya banga."

Mayi Sopo anamasula jumbo. Malayawo anali ndi dothi kumsana, magazi pa kolala, batani limodzi litathothoka. Anafunafuna mkono wakumanja, n'kuutembenuza. Unali woyera monga anauyanikira Loweruka. Lolemba limenelo unalibe choti ukhudze.

Analira osatulutsa mawu, malaya ali kumaso. A Chidendene anangoyang'ana chipewa chawo.

A Telala anayamba kuyankhula bwino tsiku lachitatu. Anagona chagada, ang'onoang'ono pabedi lachitsulo, atavala chovala cha chipatala chimene anachikhudza msoko n'kunena kuti amene anasoka ameneyu amangidwe. Mayi Sopo ankawamwetsa tiyi ndi supuni.

"Ndiye anyamata aja anamaliza zonse," anatero. "Mbali zonse ziwiri? Tsiku limodzi? Amenewo ndi akhama. Akanakhala ndi khama lotero pa ntchito yeniyeni bwenzi ali ndi masitolo."

Supuni inaima m'malere. Panalibe amene akanawauza. A Chidendene sakanatero, a komiti ankabwera ndi nthochi ndi malalanje n'kumayang'ana pansi. Mayi Sopo akanatha kuwasiya akutukwana akuba mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo akubawo anali oyeneradi kutukwanidwa. Koma anali atabisa kamodzi kale, ndipo mtengo wake unali pabedipo.

"Si akuba, bambo."

"Nanga?"

"Ndife. A komiti. Tinachotsa tokha kuti asabe." Anabweza supuni m'kapu. "Maganizowo anali anga. Ndinauza dera lonse. Inu nokha sindinakuuzeni."

M'chipindamo wina ankatsokomola, kwinaku mawilo a kabedi akulira m'khonde. A Telala analozetsa maso awo otuwa kudenga.

"Zili kuti?"

"Kusukulu. Zokhoma ndi loko."

"Zonse?"

"Zonse zimene zinatsala."

"Ndiye zasungika bwino," anatero.

Sananene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake zinamulasa. Anaika kapu pansi. Patapita kanthawi anamva zala za bambo ake zikufufuza pa bulangete mpaka zinapeza mkono wake.

"Usalire ngati wapha munthu, ndikadali pano. Ine ndinakunamiza, iwe unandibisira. Tonse tinasoka chigamba cha m'kati kuti mnzathu asaone pong'ambika. Ine ndiye ndinayenera kudziwa bwino. Chigamba chotero sichichedwa kuphotchoka."

"Ndinaliona dzimbiri, bambo. Masabata onsewa. Ndinkangoti mandimu."

"Aa, mkono wa malaya," anatero a Telala, ngati akuseka. "Ine n'kumasamba m'manja ngati dokotala."

Simenti imene ikanatenga masabata atatu inapezeka m'masiku anayi. Aliyense anabwera ndi chimene anali nacho, wina theka la thumba, wina wilibala ya mchenga, wina manja okha. A Kamoto anakatenga makina awo kuntchito ina ija osapempha n'komwe. Mayi Sopo ankachoka kuchipatala n'kudzasenza miyala, osayankhula ndi munthu. Anaimika mapaipi, kuwathira konkire mpaka kukamwa, kuwawotcherera, n'kukwirira nsanamira mozama. Pomaliza anapaka utoto wobiriwira.

Patatha sabata anapeza pa paipi imodzi kachilonda kosaya, ndi chidutswa cha sowo chili pansi, mano ataguluka. Akuba sanabwerenso. Komiti inachita chimodzimodzi ndi mapaipi a pampopi, ndipo chivundikiro cha pamphambano anaumba cha konkire. Anthu a madera oyandikana anabwera kudzaona. Pa msonkhano wotsatira a Tcheya anafuna kutchula mayina a amene anagwira ntchito, koma atafika pa Mayi Sopo anapeza malo ake pa kabenchi ali opanda munthu.

A Telala anatuluka m'chipatala patapita miyezi iwiri. Sanaimenso. Mwamuna wa Mayi Sopo anabwera ndi chikuku chakale cha odwala pamwamba pa lole, gudumu limodzi lolira. Tsiku loyamba limene mdalayo anakhala tsonga osadandaula, Mayi Sopo anatumiza uthenga kunyumba ya bwana kuti achedwa. Anawaveka malaya oyera, kumanga mabatani mpaka pakhosi, n'kuwakankha kutsika nawo.

Pamlatho chikukucho chinakwana ndendende. A Telala anakweza dzanja. Ali chikhalire, chitsulocho chinali chapaphewa pawo. Anachisisita, n'kuchigogoda ndi chikhadabo. Sichinalire ngati kale, chinangoti phi.

"Yenda pang'onopang'ono," anatero.

Milomo yawo inkagwedera akuwerenga. Mayi Sopo ankakankha phazi limodzilimodzi, gudumu likulira, anthu akudikira tsidya linalo osadandaula.

"Sikisitini," anatero atafika kumapeto. "Zinali fotini."

"A Kamoto anawonjezera ziwiri kuti zilimbe."

"Ndi utoto."

"Kuti zisachite dzimbiri."

"Ntchito yabwino," anatero a Telala. Anabweza dzanja n'kuliika pamiyendo. "Ana aziwoloka bwino."

A Chidendene anali atapukuta kale kampando kaja, ngakhale ankaona kuti sikafunikanso. Anakakankhira pambali, n'kuwapatsa anzawo phula ndi ulusi.

"Wabwera pa galimoto lero, bwana?"

"Ndi dalaivala yemwe. Iwe ukadali pa nsapato za eni?"

Anaseka onse awiri, ndipo Mayi Sopo anawasiya n'kuthamangira kuntchito. Masana anabwera kudzawatenga. Anachita choncho mawa lake, ndi mkuja wake. Nyumba imodzi ya mabwana anaisiya kuti nthawi izikwana, ndipo sanauze munthu chifukwa chake.

Tsiku lachisanu, akuwamanga mabatani, a Telala anamugwira dzanja.

"Lero ndikhala. Pita kuntchito."

"Mwadwala?"

"Ayi."

"A Chidendene akudikirani."

"Amadziwa kumene ndimakhala. Mlatho ndi wabwino, awoloke iyeyo." Kenako anati, "Si iye yekha amene ndinkapitira, amayi anga. Kale ndinkawoloka. Tsopano ndikuwolotsedwa."

Mayi Sopo anamaliza kumanga mabatani. Anawakankhira pafupi ndi chitseko pamene dzuwa limafika, n'kuwaikira wailesi pamiyendo. A Chidendene anayamba kubwera Lamulungu lililonse, phula ndi ulusi zili m'thumba la jekete.

Loweruka Mayi Sopo anatunga madzi atsopano, n'kuyamba ndi malaya a bambo ake, zovala za eni zili mulu pambali. Anatenga ndimu, n'kulidula pakati monga mwa masiku onse, n'kukoka mkono wakumanja m'thovu. Anautembenuza uku ndi uku. Panalibe pofinyira. Anakhala choncho pa kachitini, ndimu kudzanja lina, mkono wa malaya kudzanja linalo, mpaka thovu lonse linaphwa.